Rigveda anaisunga pamtima

Inu amene mwalemba za chiyambi cha chipembedzo cha Chihindu, mwalemba bwino, koma pamene mwati Chihindu chinayambira ku Mohenjo-daro, mzinda wakale wa m'chigwa cha mtsinje wa Indus, ndikukana pang'ono. Inde, anafukulako dziwe lalikulu la njerwa lokhala ndi masitepe otsikira m'madzi, limene ena amati linali losambiramo pa miyambo ya chipembedzo, koma zolemba za anthu a m'chigwa cha Indus palibe anaziwerenga mpaka lero, ndiye za chipembedzo chawo n'zongoganizira.

Ine chimandigwira mtima ndi Rigveda, nyimbo zopatulika zakale kwambiri za Chihindu. Nyimbo 1,028 za m'Chisanskrit, chilankhulo chakale cha ku India, zopekedwa cha m'ma 1500 mpaka 1200 Khristu asanabadwe, osazilemba ayi! Mwana ankakhala pamaso pa mphunzitsi n'kumabwereza liwu ndi liwu, mwinanso chobwerera m'mbuyo, kuti pasatayike kanthu. Nyimbo yoyamba imaitana Agni, moto wa nsembe umene ankathiramo mafuta a mkaka wa ng'ombe. Mpaka pano pa ukwati wa Chihindu akwati amazungulira moto.