Pa kolera, khomo lina limatsala likugwirabe ntchito

Alembi, mwafotokoza bwino kuti moyo wa selo umadalira timakomo ta pakhungu lake tolowetsa ndi kutulutsa mchere. Ndiwonjezereko za kolera, poti kuno ku Mangochi inatipweteka kwambiri mu 2022 ndi 2023.

Poizoni wa bakiteriya wa kolera amasiya khomo la chloride (gawo limodzi la mchere) lotchedwa CFTR lili pululu m'maselo a m'matumbo. Chloride akatuluka, sodium (gawo lina la mchere) ndi madzi zimatsatira. N'chifukwa chake wodwala amatsegula madzi otuwa ngati otsukira mpunga, maso n'kulowa m'kati.

Koma khomo lina, SGLT1, limagwirabe ntchito. Limalowetsa ma sodium awiri pamodzi ndi glucose (mtundu wa shuga) mmodzi, madzi n'kubwerera m'thupi. Mphamvu ya Thanzi ORS yagona pamenepa, poti muli sodium ndi glucose. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita yathunthu ya madzi owiritsa kapena othira klorini, osati theka. Chonde makolo, musawonjezere shuga kuti mwana akomedwe. Shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo, kutsegulako n'kukula. Mchere wina wa m'paketimo, potassium, ndi wofunikanso, akachepa m'magazi mtima umagunda mosokonekera. Thanzi wosungunula wotsala muzitaya pakatha maola 24. Amene akusanza chilichonse kapena wafooka moti sangamwe, thamangirani naye kuchipatala akamuike diripi.