Vuto ndi kamera, osati wosewera

Mwalemba kuti popanga filimu ya nkhani ya Jekyll, dokotala amene amasanduka munthu wankhanza wotchedwa Hyde, chovuta n'kupeza wosewera wotha kukhala anthu awiri m'thupi limodzi. Pamenepo sindikugwirizana nanu, vuto ndi kamera. M'buku la Robert Louis Stevenson la mu 1886 timatsatira loya Utterson akufufuza, ndipo zoti Jekyll ndi Hyde ndi munthu mmodzi zimadziwika chakumapeto. Filimu ya mu 1931 inaonetsa kusandukako poyera, nkhope ya wosewera Fredric March ikusintha ife tikuona. Anapata nayo mphoto ya mafilimu ya Oscar, inde, koma mantha anachoka m'maganizo n'kupita pa mano ndi ubweya. Wolemba amatha kubisa nkhope mpaka tsamba lomaliza, pomwe kamera ikangoloza munthu yaulula kale. N'chifukwa chake opanga mafilimu amathawira ku magalasi ndi zithunzithunzi, zomwe zafika potopetsa.