Mwaiwala za mapira ndi kaufiti

Atolankhani, pomwe mwalemba kuti luso lokonza majini a mbewu, la CRISPR lija, ndi la maiko olemera okhaokha, sindikugwirizana nanu. N'zoona ku Japan anayamba kugulitsa tomato wokonzedwa motero mu 2021, koma pafupi pompa ku Kenya, Pulofesa Steven Runo wa ku Kenyatta University akugwiritsa ntchito luso lomweli pofuna kupeza mapira osagonja kwa kaufiti. Dziko la Malawi nalonso linatulutsa ndondomeko yoyendetsera lusoli mu 2022, chaka chimodzimodzi ndi Kenya.

Amene simunalimepo mwina simumudziwa kaufiti. Ndi udzu woononga mbewu umene umamera m'munda. Kaufiti amayamwa mbewu kumizu iye asanatuluke n'komwe m'nthaka. Mukamaona timaluwa take tofiira m'munda, chimanga chimakhala chitapinimbira kale, masamba ali achikasu ngati simunathire feteleza. Mayi anga ankamuzula chaka ndi chaka, iye n'kumamerabe, chifukwa njere zake zimakhala m'nthaka zaka zambiri.

Ndiye ine lusoli ndikulifuna ndithu. Nkhawa yanga ili pa mwini mbewuyo. Kodi idzakhala m'manja mwa ndani? Mlimi wa ku Nsanje adzaloledwa kusungako mapira ake odzabzala chaka chamawa, kapena azidzagula paketi yatsopano dzinja lililonse? Funso limeneli mukadawafunsa akatswiri a ku Chitedze kapena ku LUANAR.

Anzanga a ku Thyolo amene matenda a chisaka anakuthererani nthochi, tiuzeni, mbewu yotereyi itabwera mungaibzale?