Cholakwa cha ku galaja chisamalande dalaivala thukuta lake

Lamlungu lina tinali pa bala ina ku Area 47 tikuonera Formula 1, mpikisano wa magalimoto aliwiro. Mpikisano utatha, nkhani inakhotera kwa dalaivala Sebastian Vettel ndi zimene zinamuchitikira ku Hungary mu 2021. Tinatsutsana mpaka mdima. Mkulu wina amene ndimamupatsa ulemu kwambiri anatseka nkhani ndi mawu akuti, "Achimwene, lamulo liposa mphamvu, basi." Sindinawayankhe pamenepo, koma mawuwo akhala akundizungulira m'mutu, ndiye ndati ndiyankhire pano.

Ine ndine makaniko, ndagwira sipanala ku Biwi zaka zoposa khumi. Pampu ya mafuta ikayamba kuvuta, amene ali pa chiwongolero ndiye amakhala womaliza kudziwa. Ndi chifukwa chake nkhaniyi imandikhudza.

Pa 1 Ogasiti 2021 Esteban Ocon anapambana ku Hungary, Vettel wa Aston Martin n'kukhala wachiwiri atamuthamangitsa pafupifupi mpikisano wonse. Lamulo la FIA, bungwe loyendetsa mipikisanoyi, linkati galimoto ikamaliza mpikisano ikhale ndi lita imodzi ya mafuta yoti akuluakulu atape n'kukayeza. Mu galimoto ya Vettel anangotapamo malita 0.3. Anamuchotsa pa mndandanda, mapointi 18 onse anapita. A timu yake anabwera ndi umboni woti zipangizo za mafuta zinawonongeka ndipo mafuta anatayika galimoto ikuthamanga, koma oweruza anati chifukwa chake chilibe ntchito: lita palibe, mlandu watha.

Musandimve molakwa, lamuloli lili ndi mutu. Kampani yopanga mafuta imapereka kaye mafuta ake ku FIA kuti awavomereze, ndipo amene atapidwa m'thanki amawafananiza ndi omwe aja kuti aone ngati sanathiremo zina zowonjezera mphamvu. Komanso mafuta ndi katundu. Kuyambira 2010 sathiranso mafuta mpikisano uli mkati, ndiye timu yothira operewera dala galimoto yake imapepuka n'kumathamanga kuposa anzake. Popanda woyeza aliyense akanaba. Zimenezo ndikuvomera.

Koma taonani kumene chilango cha Vettel chinakagwera. Lewis Hamilton anachoka pa nambala 3 kupita pa 2, mapointi ake anakwera kuchoka pa 15 kufika pa 18. Max Verstappen anachoka pa 10 kupita pa 9, anawonjezera pointi imodzi yokha. Ndiye kuti Hamilton anapindula ndi mapointi awiri pa mdani wake chifukwa cha thanki ya munthu amene sankalimbirana nawo n'komwe ukatswiri. Chaka chimenecho awiriwa anafika pa mpikisano womaliza ku Abu Dhabi ali ndi mapointi ofanana ndendende, 369.5 aliyense. Tonse tinadumpha kuti zafika pokoma, koma ndi angati anakumbukira kuti kufananako kunachokera ku mafuta osadzaza n'botolo la Fanta lomwe?

Tsono bwererani ku Brazil mu 2007, pamene lamulo lija loposa mphamvu linagwada. Kimi Räikkönen anapambana mpikisanowo n'kutenga ukatswiri ndi mapointi 110, Hamilton ali ndi 109. Hamilton anamaliza pa nambala 7, ndipo kutsogolo kwake kunali Nico Rosberg wa Williams, Robert Kubica ndi Nick Heidfeld a BMW Sauber. Usiku womwewo kunamveka kuti mafuta a matimu awiriwa anali ozizira kupitirira malire: lamulo silinkalola kuti azizire kuposa madigiri 10 poyerekeza ndi mpweya wa panja. Mafuta ozizira amathithikana, ambiri amalowa m'malo ochepa, ndipo injini imawakonda. Atatuwa akanachotsedwa, Hamilton akanakwera kufika pa nambala 4 n'kukhala katswiri m'chaka chake choyamba. Oweruza anati umboni wa katenthedwe ka panja sunali womveka bwino, sanalange aliyense. McLaren, timu ya Hamilton nthawi imeneyo, inachita apilo, ndipo mu Novembala khothi la FIA linaikana ponena kuti sinabwere m'njira yoyenera.

Ine ndinasangalala kuti Kimi sanalandidwe chikho pa tebulo, chifukwa iye sanalakwe kanthu. Chimene chimandivuta n'chakuti pamene chikho chinali pachiswe, akuluakulu anapeza mpata wokaikira, koma pa Vettel, pakati pa chaka pamene palibe ankawerengera, mpata unasowa. Mapointi a mu Ogasiti ndi a mpikisano womaliza amalemera mofanana, kungoti ena amapita anthu asakuyang'ana.

Chodabwitsa n'chakuti njira yabwino anaipeza kale. Mu 1995, ku Brazil komweko, Michael Schumacher wa Benetton anapambana, David Coulthard wa Williams n'kukhala wachiwiri. Onse anachotsedwa chifukwa mafuta awo a kampani ya Elf sanafanane ndi omwe anavomerezedwa. Pa apilo, madalaivala anawabwezera mapointi awo, koma matimu anataya awo a mpikisanowo n'kulipira chindapusa. Ena ankadandaula kuti galimoto siingakhale yolakwa kwa timu n'kukhala yolungama kwa dalaivala. Ine ndikuti ingathe, ngati cholakwacho sichinaiwonjezere liwiro. Pajatu Formula 1 ili ndi zikho ziwiri, cha madalaivala ndi cha opanga magalimoto. Ngati pogawa ulemu amatha kusiyanitsa, pogawa chilango akulephereranji?

Ndinaona zofanana ndi maso anga nthawi ija mizere ya mafuta inkagona pa mafilingi siteshoni muno mu Lilongwe. Mwini minibasi ina anagula mafuta a m'zigubu kuti galimoto isaime. Anali osakaniza ndi palafini. Patangotha masiku injini inayamba kukhosomola, anaibweretsa kwa ife, ndipo ndalama yokonzera anaidula pa malipiro a dalaivala, ati amayendetsa mwankhanza. Bambo aja sanagule mafutawo, sanawathire, ntchito yawo inali kudzuka 4 koloko m'mawa n'kumanyamula anthu. Anangoima pambali pa galimoto manja ali kumbuyo. Ndinayesa kuwalankhulira koma mwini galimoto sanamve. Nditaona za Vettel, nkhope ya bambo aja ndi imene inandibwerera.

Mkulu uja angandifunse za Daniel Ricciardo, ndipo pamenepo ndingagwirizane naye. Mu 2014 ku Melbourne, kwawo ku Australia, Ricciardo anamaliza wachiwiri anthu a kwawo akumuimbira m'manja. Patapita maola anamuchotsa chifukwa injini ya Red Bull inkamwa mafuta kupitirira makilogalamu 100 pa ola, omwe anali malire. A FIA anachenjeza timuyo mpikisano uli mkati kuti ichepetse, koma iyo inakakamira kuti kachipangizo koyezera ka FIA kakunama ndipo inatsata miyeso yake. Matimu ena anamvera ngakhale nawonso ankakakayikira. Apo mnyamatayo anathamanga ndi mphamvu imene anzake anadzimana, ndiye kumusiyira malo achiwiri kukanakhala kubera Kevin Magnussen ndi Jenson Button amene anali kumbuyo kwake. Zinandiwawa, koma chilango chinali choyenera. Chimodzimodzi timu ya BAR mu 2005, imene inapezeka ndi kathanki kena mkati mwa thanki pa mpikisano wa San Marino n'kuletsedwa mipikisano iwiri. Amenewo sindingawaikire kumbuyo.

Funso limene oweruza amakana kufunsa ndi lomwe ine ndikufuna azifunsa: kodi galimotoyi inapindula? Amati akayamba kufunsa zimenezo timu iliyonse izibwera ndi nkhani yake. N'zoona, izibwera nayo. Koma magalimoto amenewa ali ndi zoyezera paliponse, FIA imadziwa mafuta amene analowa m'thanki ndiponso amene anadutsa kupita ku injini sekondi iliyonse. Ife ku Biwi, ndi kakompyuta kogula kogwiritsidwa kale ntchito, timatha kuuza kasitomala ngati mafuta anapsa mu injini kapena anatayikira panjira. Iwo ndi zipangizo zawo zonsezo sangalephere. Ikapezeka kuti inapindula, achotseni onse, dalaivala ndi timu. Ikapezeka kuti chitsulo chinangowonongeka, timu itaye mapointi ake, ilipire chindapusa chowawa kuti ulendo wina isamale, koma amene anaika moyo wake pachiswe pa liwiro la makilomita 300 pa ola asunge malo ake, ndipo amene akulimbirana chikho asalandire mapointi a mphatso.

Vettel anasiya mipikisano kumapeto kwa 2022. Kuchokera tsiku lija ku Hungary sanakwerenso pa nsanja ya atatu oyamba, ndipo ulendo womaliza umene anaimapo sukupezeka m'mabuku.