Alamu, ndalama ya ulendo wa bambo anga musandiwerengere

Ndakhala ndikudziletsa kuyambira Loweruka, koma mtima wakana kuti nkhaniyi ndiisunge, choncho ndiilemba pano kuti mwini wake aiwerenge pamodzi ndi onse amene anaseka nawo. Tinali pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga kumudzi kwathu kuno ku Mulanje, anthu atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kudikira nsima, pamene alamu anga ena, munthu wophunzira ndithu amene tayi sachoka pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo, anaganiza zondisandutsa choseketsa anthu. Iwo anati amva kuti mwezi wathawu ndinanyamula bambo anga okalamba, ndodo ili m'manja, n'kuwakweza minibasi pa Chitakale mpaka ku Limbe kuti akaonere Bullets ikusewera ndi Wanderers ku Kamuzu Stadium, ndipo anafunsa mokweza mawu kuti ndalama imeneyo ikanagula feteleza wochuluka bwanji. Anamaliza ndi kunena kuti mpira ndi zachibwana, ndipo munthu wanzeru sangazunze nkhalamba chifukwa cha anyamata 22 othamangitsa chikopa. Anthu anaseka. Bambo anga anali pomwepo ndipo anamva zonse, koma anangoweramitsa mutu n'kumalemba pansi ndi nsonga ya ndodo yawo ngati mwana amene wagwidwa akuba shuga.

Sindinayankhe chifukwa cha ulemu wa ankhoswe ndi alendo ochokera kuchimuna. Lero ulemu umenewo watha ntchito yake, ndipo ndikuyankha.

Alamu, mpira umene mukuunyozawo ndi khomo lokhalo limene ine ndi bambo anga timalowera tikafuna kulankhulana. Khomo lina kulibe, ndipo silinakhalepo chibadwire changa. Inu mukaona nkhalamba itavala mpango wofiira mumaona chibwana, pamene ine ndimaona munthu amene kwa zaka zoposa 40 wakhala akundiuza kuti amandikonda popanda kutchula mawuwo ngakhale kamodzi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho musandiphunzitse za nyumba imene simunagonemo.

Bambo anga anagwira ntchito yothyola tiyi pa esiteti ina kuno mpaka msana unapindika. Ankadzuka kusanache, dengu kumsana, n'kubwera madzulo zovala zitanyowa ndi mame ndi mvula ya chiperoni, zala zitada ndi utomoni wa masamba, mutu utadzaza ndi mawu a kapitawo ndi makilogalamu a pa sikelo. Mawu awo kwa ine pa sabata yonse ankatha ndi mafunso awiri, lakuti mbuzi zalowa m'khola ndi lakuti ndasamba. Komanso anali mkamwini pamudzi pa amayi anga, kotero nkhani zikuluzikulu za moyo wanga ankagamula ndi atsibweni, iwo n'kumangovomera ndi mutu. Ndinkawaopa bambo anga, ndipo ndikamva kutsokomola kwawo panjira ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe.

Koma likafika Loweruka kapena Lamulungu masana, munthu yemweyo ankasanduka wina. Ankatulutsa wailesi yawo ya Nzeru imene inkakhala yokulungidwa m'nsalu pansi pa bedi, n'kutenga mabatire amene anali atawayanika padzuwa kuyambira m'mawa poganiza kuti abwerera mphamvu, kenako n'kuitana kuti, “Iwe, tabwera udzagwire waya uyu.” Ntchito yanga inali yoimirira pakhonde nditakweza waya m'mwamba kuti mawu a MBC asathawe, chifukwa kuno kunsi kwa phiri wailesi inkavuta kukakhala nkhungu. Mkono unkawawa koma sindinkautsitsa, poti imeneyo inali nthawi yokhayo imene bambo anga ankandifuna pafupi. Ali pamenepo ankandifotokozera za Kinnah Phiri, za mmene dziko lonse linavinira pamene Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 n'kudzachitenganso mu 1979, za Bata Bullets ya masiku amenewo, ndi za chifukwa chake Mnoma, munthu wa Wanderers, sayenera kukhulupiridwa ngakhale akhale mbale wako wa bere limodzi. Jack Chamangwana yekha ndiye ankamulemekeza mwa Manoma onse, ndipo ankachita kutsitsa mawu pomutchula, kuopa kuti anzawo angamve. Tsiku lina Lawrence Waya atagoletsa, bambo anga anadumpha n'kundinyamula m'mwamba ndi waya womwe, wailesi n'kugwa pansi, mabatire n'kugubuduka mpaka kubwalo. Aka kanali koyamba kuti manja awo andikhudze popanda chikwapu, ndipo fungo la tiyi wauwisi limene linali pa malaya awo tsiku limenelo ndimalimvabe mpaka lero.

Ndiye inu alamu mukuti zimenezi ndi zachibwana? Mukuti ndikanagula feteleza? Ndiuzeni sitolo imene amagulitsako tsiku ngati limenelo, ndipite ndikagule matumba khumi.

Nditakula tinayambana kwambiri ndi bambo anga pa nkhani yosiya sukulu, ndipo ndinachoka pakhomo mokwiya n'kukayamba maganyu ku Limbe. Panadutsa nthawi yaitali osalankhulana. Amayi analephera kutiyanjanitsa, atsibweni analephera, akuluampingo anabwera kawiri n'kubwerera manja ali m'khosi. Chimene chinatiyanjanitsa chinali chaka cha 2004, pamene timu yathu, nthawi imeneyo ikutchedwa Bakili Bullets ndipo mphunzitsi wake ali Kinnah yemwe uja, inatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa n'kulowa m'magulu a CAF Champions League, kumene inakakumana ndi matimu ngati Enyimba ya ku Nigeria. Ndinalandira kakalata kudzera mwa kondakitala wa minibasi wa kwathu, kolembedwa ndi pensulo pa pepala long'amba m'kope. Munalibe moni, munalibe kupepesa, munali funso limodzi lokha lakuti kodi Kinnah ndamuona ndi maso, ndipo ngati ndamuona ndibwere ndidzawafotokozere mmene akuonekera tsopano. Ndinawerenga kalatayo ndili chiimire pa depoti, ndipo ndinamvetsa kuti munthu wouma pakamwa uja akundiitana kuti ndibwerere kwathu. Ndinapita Loweruka lomwelo. Za sukulu sitinazitchule, tinakamba za mpira mpaka nyali inatha mafuta, ndipo mkangano unathera pomwepo.

Amayi atamwalira zinalinso chimodzimodzi. Pa maliro bambo anga sanakhetse msozi pamaso pa anthu ndipo kwa ine sanalankhule kanthu koposa za bokosi ndi nkhuni. Patatha masabata awiri foni yanga inalira usiku, ndipo anali iwo, akudandaula kuti otchinga kumbuyo a timu yathu akugona ndipo goloboyi akutuluka pagolo mopanda nzeru. Analankhula mpaka mayunitsi anawathera. Munthu wakunja akanati nkhalambayi yasokonezeka, mkazi wake wangoikidwa kumene koma ikukamba za goloboyi. Ine ndinamva zimene ankanena, kuti nyumba yakula, kuti usiku watalika, kuti mwana wanga usandisiye ndekha. Chilankhulo chathu ndi chimenecho, ndipo amene sachidziwa ayenera kutseka pakamwa pamene eni ake akuchilankhula.

Tsopano ndikuuzeni za ulendo umene mwauwerengera ndalamawo, popeza mwaufunitsitsa. Bambo anga asapota Maule, ndiye kuti Bullets, moyo wawo wonse, dzina la timu likusintha kuchoka pa Bata kupita pa Total, pa Bakili, mpaka pa Nyasa, koma anali asanaponde pa Kamuzu Stadium kudzaonera Bullets ndi Wanderers zikukumana. Mpira wa ligi yaikulu anauonerapo pa Mulanje Park pomwe pano, koma masewero a matimu awiri a mu Blantyre amenewa ankangowamvera pa wailesi. Maso awo ayamba kuchita khungu ndipo mawondo akukana, choncho ndinaona kuti ndikazengereza ndidzalira ndi ndalama ili m'thumba. Tsikulo anadzuka nkhuku zisanalire, anasita okha jekete yawo ya kutchalitchi ndi simbi ya makala, anapukuta nsapato, ndipo pamene ndinkafika ndinawapeza atakhala kale pakhonde, mpango wofiira uli m'khosi. Mumsewu wonse wa Midima sanagone ngakhale pang'ono, ankangofunsa kuti tafika pati, ndipo titadutsa pa Nkando anayamba kuuza anthu a m'minibasi kuti mwana wawo akuwapititsa ku mpira, ngati kuti ndawagulira galimoto.

Pa bwalo masitepe anawavuta. Amene anawagwira mkono mbali inayo kuti akwere anali mnyamata wovala jezi ya buluu, Mnoma weniweni, amene anati, “Agogo, kwerani bwino kuti mukaone bwinobwino mmene tikukukwapulirani lero.” Bambo anga anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuyankha kuti iwo anayamba kuona Manoma akulira iye asanabadwe. Mpira utayamba ndinazindikira kuti golo lakutali sakuliona n'komwe, akungoona mitundu ikuyendayenda. Ndinayandikira khutu lawo n'kuyamba kuwaulutsira, kuti mpira uli ndi wakuti, wapatsira kumanzere, oyimbira aimika, ndipo iwo anagwira bondo langa osalisiya mpaka mapeto. Mwana amene ankagwira waya pakhonde uja anasanduka wailesi ya bambo ake. Amene anapambana sindimutchula pano, chifukwa ndikudziwa kuti ndikangotero nkhani yonse isanduka ya Maule ndi Manoma ndipo alamu apulumukira pomwepo. Pobwerera, titadutsa pa Nkando kachiwiri mdima utagwa, bambo anga ananena chapansipansi kuti, “Mwanawe, wandichita ulemu.” Pa zaka zanga zonse sindinamvepo mawu otere kuchokera pakamwa pawo.

Mawu amenewo ndi amene munawasandutsa nthabwala pa chinkhoswe. Munthu amene anabwera kuchokera ku Blantyre akuyenda ngati mnyamata, amene sabata yonse ankaitana anzake a pabawo kudzawafotokozera kukula kwa bwalo, munamuweramitsa mutu pamaso pa adzukulu ake chifukwa mumafuna kuti anthu akuoneni kuti mumadziwa kuwerengera ndalama. Feteleza ndinagula kale, ndipo munda wa bambo anga ndimalimitsa ndine chaka chilichonse popanda thandizo lanu, koma ngakhale ndikanapanda kugula, ndalamayo inali yanga ndipo bambowo ndi anga. Chimanga chimalimidwa chaka ndi chaka, pamene bambo ndili nawo amodzi okha ndipo zaka zawo zapita. Inu amene bambo anu ali moyo ku Thyolo, munapitako liti komaliza, ndipo mutapitako munakamba nawo chiyani choposa moni ndi kuwasiyira kandalama pa tebulo ngati mukulipira ngongole? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lidzafika pamene mudzakhala pakhonde maso atachita khungu, mukudikira mwana woti akufotokozereni chilichonse, ndipo adzakutumizirani ndalama pa foni n'kuzimitsa.

Ndikudziwa kuti pali ambiri amene akuwerenga pano amene bambo awo anali ngati anga, anthu a m'minda ya tiyi ndi m'mafakitale amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salankhula zam'mtima. Afunseni anthu amenewa kuti amasapota timu yawo chifukwa chiyani, ndipo mudzamva kuti sanasankhe, anaipeza pakhonde pamodzi ndi wailesi. Timu imeneyo ndi chuma chamasiye chimene achibale sangalande. Kunyoza zimenezi ndi kunyoza njira yokhayo imene amuna ambiri a kuno anapeza yofikira ana awo, ndipo ine sindidzalola kuti munthu achite zimenezo pamaso panga kachiwiri, kaya ndi pa chinkhoswe, kaya ndi pa maliro.

Chimene chikundiwawanso n'chakuti alamu omwewa sagona Loweruka usiku chifukwa cha mpira wa ku England, ndipo ndalama imene amathera pa mabando a intaneti ndi kubetcha palibe amene amaisandutsa matumba a feteleza. Pitani m'mavidiyo shoo a pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Luchenza muone zimene zikuchitika. Bambo wakhala kutsogolo maso ali pa foni, akuwerengera matimu asanu ndi atatu amene wabetchera, ena a mayiko amene sangawaloze pa mapu, pamene mwana wake ali panja akusuzumira pa kabowo ka chitseko. Chigoli chikalowa bamboyo sakumbatira munthu, amatukwana chifukwa tikiti yake yafa. Mwezi watha ndinaona ndi maso anga bambo wina akukankha mwana wake wovala jezi ya Arsenal yong'ambika paphewa, akumuuza kuti apite kwa amake chifukwa akumubweretsera tsoka, ndipo mwanayo anakakhala pa mulu wa njerwa kunja mpaka mpira unatha.