Nsomba ya "mwina sivuta" musaigule musanadziwe motulutsira

Pagalasi la ogulitsa zamoyo za m'nyanja ya mchere mumapeza mawu akuti "reef safe with caution". Kumasulira kwake kwenikweni n'kwakuti nsombayo ena aisunga m'thanki ya kunyumba osaona vuto, ena yawathera makorali (zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala ngati maluwa), ndiye inu mukadzionere nokha. Maganizo anga ndi akuti kuyesa mwayi kotere si kulakwa. Cholakwika n'kuponya ngozi zonse m'thumba limodzi. Nsomba yojompha makorali ndi nkhani ina, nsomba yomwe idzafe ndi njala inu mukuyang'ana ndi ina, ndipo chamoyo chomwe chingaphe thanki yonse usiku umodzi ndi inanso. Juga yoyambayo mutha kuitchova, bola mukhale ndi potulukira. Zinazo n'zofunika kuziganizira kawiri.

Tiyambe ndi zimene zimakopa anthu ambiri, nsomba zotchedwa ma angel, ang'onoang'ono a mtundu wa Centropyge, monga flame angel ndi coral beauty. Amakula pafupifupi masentimita 10 basi, ndipo kukongola kwake palibe angatsutse. Koma kunyanjako ntchito yawo n'kujompha ndere ndi tizinyalala pamiyala kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kukamwa kwawo sikupuma. M'thanki chimene chimawakoka ndi ntchofu ya makorali a mnofu wofufuma, monga Trachyphyllia, Scolymia ndi ma acan, komanso mnofu wa clam (nkhono ya zigoba ziwiri) ya Tridacna. Kawirikawiri sazomola nthuli yooneka ndi maso. Amangojompha kamodzi n'kudutsa, korali n'kufwafwatika. Akati atambasuke, ajomphedwanso. Korali wokhala chotseka tsiku lonse salandira kuwala kokwanira ndiponso sadya, ndiye pakatha masabata angapo mnofu umayamba kusendeka m'mphepete, chigoba choyera n'kuonekera. Apa m'pamene mwini thanki amayamba kuyeza alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa asidi), kusintha magetsi, kugula mankhwala, wakuba ali pompo akusambira.

Kuti mumupezerere akujompha musaime pagalasi, chifukwa akakuonani amasiya zonse n'kubwera kudzapempha chakudya. Khalani patali mamita atatu kwa mphindi 20 osagwedezeka, kapena siyani foni ikujambula vidiyo inu mutuluke m'chipindamo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo musanamizidwe ndi miyezi yoyamba: angel amatha kukhala chaka chathunthu ali phee, tsiku lina n'kulawa acan, osasiyanso. Kumudyetsa pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku, mysis (tishrimp ting'onoting'ono), chakudya cha ndere za spirulina, nori (ndere zouma za m'nyanja) wopanidwa pagalasi, kumachepetsa vutoli koma sikulithetsa. M'thanki yodzala makorali olimba a Acropora ndi Montipora, kapena makorali ofewa ngati Sarcophyton, mwayi wanu ndi wokulirapo. Ngati chuma chanu chili mu ma Scolymia awiri ndi clam imodzi, musiyeni. Ofuna angel zivute zitani ayang'ane mtundu wa Genicanthus, womwe umadya tizilombo toyandama m'madzi, ngakhale umafuna thanki yaitali yosambiramo.

Tsopano nkhani yotulutsa, yomwe ndiyo mutu wa zonsezi. Centropyge m'thanki yodzala miyala simungamugwire ndi kaukonde. Mudzathyola makorali, mudzagwetsa miyala, iye ali m'phanga akukuyang'anani. Anthu afika pophwasula thanki yonse chifukwa cha kansomba kamodzi. Choncho njira yotulutsira imakonzedwa nsomba isanalowe. Ikafika m'thanki ya makorali, poyamba ikhale m'kabokosi koonekera, kobooledwa, kopachikidwa mkati mwa thanki, masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. M'kabokosimo ikanimo kachidutswa ka korali wa mtundu womwe mukuuopera, muone ngati akutambasuka. Mukaimasula, msampha wa nsomba ukhale m'madzi chitseko chili chotsegula, ndipo chakudya chizithiridwa mkati mwa msamphamo kuyambira tsiku loyamba. Nsomba yozolowera kudyera m'msampha imagwidwa m'mphindi zochepa. Yomwe ikuuona koyamba tsiku lomwe mwaikwiyira imatha sabata ikuuzungulira. Ilowenso komalizira, anzake atakhazikika kale, ndipo mudziwiretu kumene idzapite mukadzaichotsa.

Kumeneko nthawi zambiri ndi thanki yachiwiri, ya malita 60 mpaka 80, yokhala ndi hita, sefa ya siponji yomwe yakhwima kale, ndi zidutswa za mapaipi a PVC zobisalamo. Thanki yomweyi ndiyo yosungiramo nsomba yatsopano payokha kwa masiku 30 isanakumane ndi zinzake. Anthu amaopa mano a nsomba n'kuiwala zimene yanyamula pakhungu ndi m'makha. Timadontho toyera ta Cryptocaryon irritans, tomwe ambiri amangoti ich, ndi matenda a velvet obwera ndi kachilombo ka Amyloodinium ocellatum, zapha nsomba zambiri kuposa angel aliyense. Velvet imathamanga: nsomba iyamba kupuma mofulumira, kusambira molunjika pampu, masiku awiri atatu zonse zagona. Mankhwala a kopa amtundu wa chelated amasungidwa pakati pa 2.0 ndi 2.5 ppm (mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi), oyezedwa tsiku lililonse, ndipo kwa ma angel akwezedwe pang'onopang'ono kwa masiku angapo chifukwa kopa amawalanda chilakolako cha chakudya. M'thanki ya makorali kopa salowa ngakhale dontho. Amapha makorali, nkhono ndi shrimp, ndipo miyala imamumwa n'kumamutulutsa pambuyo pake. Ich ikalowa m'thanki yaikulu, nsomba zonse zituluke, thankiyo ikhale yopanda nsomba masiku 76. Yerekezani masiku amenewo ndi 30 aja.

Palinso gulu logulidwa ngati aganyu, loti lithetse vuto lina. Aiptasia, tizamoyo tosafunika tomera pamiyala n'kumawotcha makorali, akadzala, wina akuuzani kuti mugule peppermint shrimp. Chenjerani pamenepa, chifukwa camel shrimp amafanana naye kwa wosadziwa. Camel ali ndi linunda pamsana, mizere yoyera ndi yofiira yowala kwambiri, ndiponso mlomo wautali woloza m'mwamba. Ameneyo Aiptasia samugwira, amadya ma zoanthid (timakorali tooneka ngati timaluwa) ndi makorali ofewa. Peppermint weniweni thupi lake ndi loonekera mkati, la timizere tofiira toonda, msana wopanda linunda. Nayenso akakhala ndi njala amasolola chakudya m'kamwa mwa korali usiku. Nsomba ya filefish yodya Aiptasia, Acreichthys tomentosus, imagwira ntchito, koma Aiptasia akatha imatembenukira ku ma zoanthid ndi ma acan. Nkhanu ya emerald ikakhala yaing'ono imadya ndere za timibulu, ikakula imatola chilichonse chimene dzanja lake lafika. Waganyu aliyense mumufunse funso limodzi: ntchito ikatha adzadya chiyani? Berghia, kankhono kopanda chigoba, yekha ndiye yankho lake limadziwika, popeza amadya Aiptasia basi, ndipo akatha amafa ndi njala ngati simumupereka kwa wina.

Izi zikutifikitsa ku ngozi yachiwiri, imene ine sindiitcha kuyesa mwayi ayi, chifukwa wolipira si inu, ndi nsombayo. Copperband butterfly ali ndi mlomo wautali wozulira nyongolotsi m'ming'alu ya miyala, ndipo ambiri amakana chakudya choyandama. Musamugule musanamuone akudya, akumeza, osati kulawa n'kulavula. Yang'anani mimba ndi mnofu wa kuseri kwa mutu. Pakakhala pofwapa, njala yamudya kale. Kunyumba muyambitseni ndi clam yotsegulidwa pachigoba chake, nyongolotsi zamoyo za blackworm, kapena mysis wopakidwa m'mabowo a mwala, ndipo pasakhale nsomba zolusa za tang zomulanda. Mandarin, kansomba kena, amatola ma copepod (tizilombo ting'onoting'ono ta pamiyala) tsiku lonse, kamodzikamodzi, ndiye amafuna thanki yomwe yatha pafupifupi chaka, ya miyala yambiri, yokhala ndi refugium (kachipinda kapadera komwe tizilomboti timaswana osadyedwa), yopanda nsomba ya wrasse yolimbirana naye chakudya chomwecho. M'thanki yatsopano amaonda mwakachetechete miyezi iwiri itatu. Obadwira m'mathanki a oweta amavutirako pang'ono chifukwa ambiri amalandira chakudya chopangidwa. Nsomba ya Moorish idol ndi Linckia, chamoyo cha buluu chooneka ngati nyenyezi, kunena zoona, zisiyeni kunyanja.

Ngozi yachitatu ilibe msampha. Sea apple, chamoyo chobulungira cha mitundu yowala, ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: ikavulala kapena kufa imatulutsa poizoni wa holothurin, nsomba zonse n'kutha musanadzuke. Boxfish wachikasu wamadontho, pamodzi ndi mbale wake cowfish, akapanikizika amatulutsa poizoni wa pahutoxin pakhungu, yemwe amapha anzake ndi iye mwini. M'thanki yosakaniza zamoyo zambiri sindiona chifukwa chozilowetsera.

Anemone, chamoyo chofewa chooneka ngati duwa, cha timanja towotcha, ndiye ali pakatikati. Bubble tip, Entacmaea quadricolor, ndi amene munthu angayese, koma walira mvula walira matope. Anemone ali ndi phazi, amayenda. Kuwala kapena kayendedwe ka madzi kakapanda kumukomera amanyamuka usiku, kuwotcha makorali onse a m'njira, nthawi zina n'kudzimasula n'kuyandama mpaka kukalowa m'pampu. Dikirani thanki ikwanitse miyezi 6 kapena kuposerapo, mchere ukhazikike pa 35 ppt (magalamu 35 pa kilogalamu imodzi ya madzi), kutentha pakati pa madigiri 24 ndi 26. Mapampu onse avekedwe zotchinga za siponji kapena za neti asanalowe, polowera madzi opita ku sump (thanki yapansi yosefera madzi) patchingidwe, hita nayonso. Muikeni makorali asanachuluke kuti asankhe yekha malo, ndipo akakhazikika musamasinthesinthe magetsi. Akagayidwa ndi pampu madzi amachita mbuu ngati mkaka. Zimitsani mapampu, tolani zidutswa, kokani zotsala ndi paipi, sinthani madzi okwana 30 mpaka 50 peresenti, ikani makala atsopano osefera madzi, skimmer (makina ochotsa zonyansa ndi thovu) itulutse thovu lamadzimadzi, kenako muziyeza ammonia kwa masiku angapo. Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati madzi amchere osakaniza kale, otentha mofanana, ali chire m'mgolo. Carpet anemone ya Stichodactyla ndi ina, imeneyo imameza nsomba zimene zaigunda usiku.

Chomaliza chikukhudza thupi lanu. Ma Palythoa ndi ma zoanthid ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, ndipo ndi maso simungasiyanitse wapoizoni ndi wopanda. Powadula valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, chifukwa amathovola madzi akafinyidwa, ndipo musawagwire muli ndi bala. Mwala umene ali nawo musauwiritse, musauthire madzi otentha, musaukweche uli wouma. Nthunzi yake imadwalitsa aliyense m'nyumbamo, ziweto zomwe. Wina akayamba kubanika, kutsokomola kapena kutentha thupi mutagwira miyala yotere, tsegulani mawindo, tulukani nonse, ndipo kuchipatala mukatchule dzina loti palytoxin.