Zimitsani injinizo, ana a anthu si makoswe oyesera utsi

Dzulo ndapsa mtima. Bambo wamkulu ndithu, imvi zili mbuu, waimika galimoto ya dizilo pachipata cha sukulu, injini ili chilirire, iye watseka mawindo akudinadina foni. Kumbuyo tiana tili ndandanda kudikira makolo, mphuno zawo kulunjika ndendende pa ekizozi. Nditagogoda pawindo, akuti akazimitsa amva kutentha. Kutentha!

Kodi nzeru zinapita kuti? Wina lole yake ikufuka utsi wakuda bii pachitunda, iye nkumaseka ati ndiye mphamvu. Wina amaponda mafuta ali chiimire kuti anthu acheuke. Mayi wabereka khanda, waima kuseri kwa basi yolira mphindi zonsezo, osasuntha ngakhale mapazi atatu. Mukuyesa mwayewo ukupita kuti?

M'zaka za m'ma 1980 asayansi ku America ndi ku Germany ankatsekera makoswe nkumawapumitsa utsi wa dizilo maola ambiri patsiku, kwa zaka 2 kapena kuposa. Makoswewo anatuluka zotupa m'mapapo. Koma utsi womwewo ukasefedwa, mwaye nkuchoka, zotupazo sizinkachuluka. Mu 2015 a Health Effects Institute, bungwe lofufuza za mpweya ndi thanzi ku America, anayesa injini zatsopano zokhala ndi fyuluta yogwira mwaye, makoswe osadwala khansa. Ndiye inu, fyuluta ikatsekeka mumathamangira kwa makaniko kuti aigwejule, ati galimoto ikoke bwino. Chinthu chimene chinathandiza kupulumutsa makoswe aja, inu nkuchitaya kudzala. Ndi mutu umenewo?

Musandiuze kuti simusuta fodya. Mu 2023 a Francis Crick Institute ku London anaonetsa pa mbewa kuti tifumbi ta PM2.5, tosaoneka ndi maso, topezekanso mu utsi wa dizilo, timayambitsa kutupa m'mapapo, kutupako nkudzutsa maselo amene anali kale ndi chilema mu jini (malangizo a chibadwa a m'selo) yotchedwa EGFR koma ali chigonere. Akadzuka, khansa yayamba. Chilemacho anachipezanso m'mapapo a anthu abwinobwino, ndipo chimachuluka ndi ukalamba, nkhani imene ife achikulire tiyenera kuimva ndi makutu onse awiri.

Ena muziti ife ndife anthu, si mbewa. Zoona, ndipo makoswe aja ankapuma utsi wochuluka kuposa wa mumsewu. Nanga bwanji bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, mu 2012 linaika utsi wa dizilo m'gulu 1 la zoyambitsa khansa mwa anthu, gulu limodzi ndi fodya ndi asibesitosi? Mu 2013 linaonjezerapo mpweya woipa wapanja. Iwowo ndiye opusa, ochenjera ndinu?

Makoswe ankachita kuwatsekera, analibe kothawira. Inu kiyi ali m'manja mwanu. Mukaima, zimitsani. Fyulutayo bwezerani. Manyazi mulibe?